Mafunso a Owerenga: Kodi mayina a makolo athu akale tingawapeze m'mapepala ati?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mayi wa ana atatu, kwathu ndi ku Dedza koma pano ndikugwira ntchito ya unamwino ku Manchester. Mnzanga wina wa kuntchito, mbadwa ya konkuno, adandionetsa mndandanda wa makolo ake wofika mpaka zaka za m'ma 1800, ndipo adati zonsezo adazipeza m'mabuku a kalembera wa anthu, m'mawilu a abale ake amene adamwalira kalekale ndiponso m'zidziwitso za maliro za m'nyuzipepala. Ine sindidziwa wina aliyense kupitirira agogo anga obereka mayi, amene adatisiya ndili wamng'ono, moti ana anga akandifunsa kumene mbumba yathu idachokera ndimangoti kakasi. Kodi mapepala ngati amenewa kwathu aliko, ndipo ndingayambire pati?
Wowerenga wa ku Manchester

YANKHO: Mayi, mnzanuyo sadakunamizeni, koma njira imene idamuthandiza iyeyo inu siingakufikitseni patali, ndipo ndi bwino mudziwiretu chifukwa chake musanawononge ndalama ndi masiku a tchuthi chanu.

Ku England ndi ku Wales, kuyambira m'chaka cha 1841, olemba kalembera ankalemba dzina la munthu aliyense wogona m'nyumba, zaka zake ndi ntchito yake, ndipo kuyambira mu 1851 adayambanso kulemba ubale wa munthuyo ndi mwini nyumba komanso dera limene adabadwira. Boma limasunga mapepalawo mwachinsinsi kwa zaka 100 kenako n'kuwatsegula kuti aliyense awaone, n'chifukwa chake a mu 1921 adatsegulidwa mu Januwale 2022. Ku America amadikira zaka 72, moti a mu 1950 adatsegulidwa mu Epulo 2022. Munthu wa kumeneko amatha kulondola banja limodzi zaka khumi zilizonse, n'kuona ana akubadwa, akukula ndi kuchoka pakhomo.

Kwathu sizidayende choncho. Atsamunda adachititsa kalembera ku Nyasaland mu 1911, 1921, 1926, 1931 ndi 1945, koma anthu akuda ankawerengedwa mudzi ndi mudzi, ndipo zimene zidasindikizidwa ndi ziwerengero za anthu m'boma lililonse, osati mayina a anthu a m'nyumba iliyonse. Titalandira ufulu wodzilamulira, kalembera adachitika mu 1966, pamene tidapezeka kuti tidali anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni, kenako mu 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018, pamene chiwerengero chidafika pa 17,563,749. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imatulutsa malipoti a ziwerengero, koma lamulo siliilola kuulula zimene munthu kapena banja lidayankha. Malipoti amenewa angakuthandizeni kumvetsa nthawi imene makolo anu adakhalamo, monga kuchuluka kwa amuna amene adali kunja kwa dziko kukagwira ntchito, koma dzina la agogo anu simudzalipezamo. Pa kulembetsa ana obadwa napo padali tsankho: m'nthawi ya atsamunda lamulo linkakakamiza Azungu ndi Amwenye okha, ndipo kulembetsa aliyense kudakhazikika ndi lamulo la mu 2010, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2015, zitupa za unzika n'kudzaperekedwa kwa anthu ambiri mu 2017.

Mawilu nawonso ndi osowa. Makolo athu ambiri sankalemba za kagawidwe ka chuma chawo, chifukwa nkhani yotere inkakambidwa ndi eni mbumba maliro atatha, pamaso pa ankhoswe ndi a nyakwawa, ndipo mpaka lero ena amaona kulemba wilu ngati kudziitanira imfa. Komabe pali pepala lina limene limagwira ntchito yofanana ndi wilu, ndipo anthu ofufuza mbiri ya banja amaliiwala kawirikawiri. Ngati m'banja mwanu mudali mphunzitsi, wapolisi, kalaliki wa boma kapena wantchito wa kunjanji amene adamwalira ali pa ntchito, ndalama zake za chuma cha masiye ziyenera kuti zidadutsa ku ofesi ya Administrator General, kwa bwanamkubwa wa boma lanu kapena ku bwalo la milandu. M'mafailo otere mumalembedwa anthu oyenera kulandira chumacho, kutanthauza mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ndi ena amene ankawadalira, ndipo nthawi zambiri mumapezekanso kalata za umboni zochokera kumudzi. Lamulo loona za mawilu ndi chuma cha masiye lidakhazikitsidwa mu 1967 ndipo lidalowedwa m'malo ndi lina mu 2011, choncho mafailo a zaka zimenezi ndi amene mungayembekezere kuwapeza. Popita kukafunsa mutenge chitupa chanu ndi chilichonse chosonyeza ubale wanu ndi malemuwo, chifukwa failo ya chuma cha munthu saonetsa wongodutsa.

Mukaipeza failo yotere, muiwerenge mukukumbukira kuti mndandanda wa mayinawo udalembedwa pofuna kugawa ndalama, osati pofuna kusunga mbiri. Amalume amene ankalera ana a mlongo wawo nthawi zina ankawalembetsa ngati ana awo enieni kuti asavutike pa sukulu ndi ku chipatala, ndipo mwana wa kwa mkazi wina ankatha kusiyidwa dala ndi abale amene adapita ku ofesiko. Dzina likapezeka m'failo, ndi umboni wakuti munthuyo adalipo ndipo ankadziwika m'banjamo, koma za amene adamubereka muyenera kufunsabe kwa akuluakulu.

Za zidziwitso za maliro, nyuzipepala za m'nthawi ya atsamunda zinkalemba kwambiri za Azungu ndi za Amalawi ochepa otchuka, monga mafumu akuluakulu ndi abusa, pamene mauthenga achisoni a pa wailesi amene ambirife tidakula tikuwamva adapita ndi mphepo. Chimene ife tili nacho ndi mbiri ya malemu, ija imawerengedwa pa mwambo wa maliro thupi lisananyamuke. Kawirikawiri imalembedwa usiku pa siwa, pa tsamba long'ambidwa mu kope la mwana wa sukulu, mphwake wa malemu akulemba, azakhali ndi amalume akumuuza: adabadwa chaka chakuti m'mudzi mwa akuti, adabatizidwa ku mpingo wakuti, adakwatiwa ndi bambo akuti, adabereka ana khumi, amoyo ndi asanu ndi mmodzi, asiya zidzukulu zakuti. Tsamba limenelo silitayidwa msanga. Mukafunsa bwino mudzalipeza lapindidwa m'Baibulo kapena m'buku la nyimbo, kapenanso pansi pa sutikesi pamodzi ndi makadi a sikelo ndi kalata za ubatizo. Mufunsenso za kope limene adalembamo chipepeso, chifukwa m'menemo muli mayina a anthu ndi midzi imene idabwera kudzakhuza, akuchimuna paokha, akuchikazi paokha, ndipo mudzi umene umapezeka pa maliro alionse a m'banja mwanu ngakhale uli kutali uyenera kuti uli ndi magazi anu.

Ziliza za kumanda zimathandizanso, ngakhale kuti zambiri zimamangidwa patapita zaka munthu ataikidwa, kotero chaka cha imfa chimakhala chodalirika kusiyana ndi chaka chobadwa. Poti kwanu ndi ku Dedza sindikuyenera kukuuzani zambiri, koma ana anu okulira kunja muwachenjeze kuti kumanda salowa popanda chilolezo cha a mfumu, ndipo m'midzi ina ya Achewa kumandako n'kumene kuli dambwe, kotero munthu sangangotulukira ndi foni m'manja n'kuyamba kujambula.

Mapepala amene angakufikitseni kutali kwambiri ali ku mipingo. Amishoni a Livingstonia adafika mu 1875, a Blantyre mu 1876, a Dutch Reformed adatsegula Mvera mu 1889 ndi Nkhoma mu 1896, a Katolika adakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, ndipo onsewa ankasunga mabuku a ubatizo ndi a maukwati. Buku la ubatizo la Akatolika limalemba dzina la wobatizidwa, makolo ake, mudzi wake ndi amene adamuimira, ndipo munthuyo akadzakwatira mu mpingo, uthenga umatumizidwa ku parishi imene adabatizidwira kuti akalembe pambali pa dzina lake. Choncho mzere umodzi wokha ukhoza kukupatsani mibadwo iwiri ndi banja la kuchikwati. Ku CCAP mufunse za buku la ubatizo, la maukwati, kalata za msamuko ndi zolembedwa za bwalo la akulu a mpingo, momwe mumapezeka ngakhale milandu ya mabanja. Mukumbukire kuti mpingo umene uli pafupi ndi mudzi wanu lero mwina udali nthambi chabe m'masiku a agogo anu, ndiye mabuku akalewo akhoza kukhala ku mishoni yaikulu monga Mua, Bembeke, Mphunzi kapena Nkhoma. Mulembe kalata kwa abusa kapena bambo mfumu musanapite, mutchule dzina, mudzi ndi zaka zimene mukuganizira, ndipo musaiwale kuthokoza mlembi amene adzakhale tsiku lonse akutsegula mabuku afumbi chifukwa cha inu.

Koma zonsezi n'zachiwiri. Choyamba, ndipo ine ndikadakonda kuti muchichite chaka chino osati chamawa, ndi kukhala pansi ndi mayi wamkulu kuposa onse wa m'mbumba mwanu komanso amalume amene atsala. Mabuku a ku mishoni adzakudikirani, koma nkhalamba ya zaka 85 singakudikireni. Musawafunse kuti adabadwa chaka chanji, chifukwa adzakuuzani chimene chidalembedwa pa chitupa, chomwe kwa okalamba ambiri chidali chongoyerekeza. Afunseni kuti pa njala ya mu 1949 adali msinkhu wanji, ngati adali atatha msinkhu pamene Kamuzu ankamangidwa mu 1959, kapena mwana amene adali kumsana pamene ndalama zinkasintha kuchoka ku mapaundi kupita ku makwacha mu 1971. Za makolo awo afunseni zimene adamva zokhudza nkhondo ya Chilembwe ya mu 1915 ndi mliri wa fuluwenza wa mu 1918. Afunseninso za mabwinja, kumene mudzi udali usanasamuke, ndi chimene chidawasamutsa. Muwajambule mawu pa foni atakulolani, ndipo muyambe mwacheza ndi aliyense payekha musanawasonkhanitse, pakuti pagulu wamng'ono satsutsa wamkulu ngakhale akudziwa kuti walakwitsa.

Mapepala olembapo mndandanda wa makolo amene mudzawapeze kunjako adakonzedwa motsatira dzina la bambo, ndipo akhoza kukusokonezani. Kwa Achewa mudzi, munda ndi ufumu zimatsata kuchikazi, choncho funso lofunika ndi lakuti inu ndinu a bele liti, lalikulu kapena laling'ono, ndipo mayi amene adayambitsa bele limenelo adali ndani. Mfunda wokha, kaya ndi Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe, sutsimikiza ubale wapafupi, popeza anthu a mfunda umodzi ndi ochuluka zedi ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Muchenjerenso ndi mayina a ufumu, amene munthu amachita kulowa: nyakwawa yotchulidwa m'pepala la mu 1925 ndi ina yotchulidwa ndi dzina lomwelo mu 1965 akhoza kukhala munthu ndi mphwake, kapenanso ndi mdzukulu wake.

Mukamaliza zonsezi ndi pamene ulendo wa ku National Archives of Malawi ku Zomba ungakupindulireni. Nkhokwe imeneyi idatsegulidwa mu 1947, ndipo imasunga mabuku amene mabwana a DC ankalembamo za midzi ndi mafumu, milandu yolimbirana ufumu, nyuzipepala zakale ndi zolembedwa zina za amishoni. Zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda zidapsa pa moto umene udatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba mu 1919. Wopita kumeneko ndi dzina la munthu lokha amabwerako chimanjamanja, koma wodziwa mudzi, gulupu ndi mfumu yaikulu amakhala ndi poyambira.

FUNSO: Agogo anga aamuna adachoka ku Ntchisi m'zaka za m'ma 1950 kupita ku Joni, bambo anga ali khanda, ndipo sadabwerenso. Ena amati adafera mu mgodi, ena amati adakwatira ku Halale. Bambo anga akalamba ndipo akufuna kudziwa kumene bambo awo adagona. Kodi pali kumene tingafunse?
Wowerenga wa ku Kasungu

YANKHO: Bambo, matchona otere alipo pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndipo choyamba chimene muyenera kudziwa ndi njira imene agogo anu adapitira. Amene ankapita kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa, ankalembedwa m'kaundula, kudinda zala ndi kupatsidwa nambala, ndipo ankatchula boma la kwawo, mfumu yawo ndi wachibale woti adziwitsidwe pakagwa zovuta. Bungwe limenelo ndi limene pambuyo pake lidadzatchedwa TEBA, kapena kuti Theba m'kayankhulidwe kathu, ndipo likadalipo ku South Africa, kumene limasunga mbiri ya ntchito ya anthu a m'migodi, pamene zolembedwa zake zakale zambiri zili ku University of Johannesburg. Fufuzani m'nyumba ngati mudatsala chitupa, kalata kapena kapepala kolandirira ndalama kokhala ndi nambala yawo kapena dzina la mgodi, chifukwa kufufuza ndi dzina lokha n'kovuta kwambiri. Amuna ambiri ankalembetsa dzina losiyana ndi la kumudzi, mwina lachizungu limene adalitola panjira, mwina la mbale wawo amene adawabwereka chitupa cha msonkho, ndipo alembi a kumeneko ankalemba mayina athu monga momwe adawamvera. Muyese kalembedwe kosiyanasiyana, ndipo mukumbukire kuti m'mapepala a nthawi imeneyo Nkhotakota ndi Kota Kota, Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald.

Ngati adapita paselefu, kutanthauza paokha popanda kulembedwa ndi bungwe lililonse, kapena ngati adatsikira ku Southern Rhodesia n'kuyamba ntchito pa famu kapena pa mgodi wa kumeneko, mapepala a boma sangakuthandizeni kwenikweni. Pamenepo mudalire njira zimene Amalawi a kumeneko adadzipangira okha. Mpingo wa CCAP uli ndi Sinodi ya Harare, imene idakula chifukwa cha anthu ochokera kuno, ndipo mipingo yake ili ndi mabuku a ubatizo ndi a maukwati. M'malokeshoni monga Mbare, Highfield ndi Mufakose mudali mabungwe othandizana pa maliro amene anthu ankalowa motsatira boma la kwawo, komanso mizikiti ndi magulu a gule wamkulu, ndipo okalamba a m'magulu amenewa amakumbukira kuti uje adali wa kwa mfumu yakuti. Musataye nthawi yambiri kufufuza wilu kapena failo ya chuma chawo m'nkhokwe za pa intaneti za ku South Africa, chifukwa m'nthawi ya tsankho chuma cha munthu wakuda womwalira wopanda wilu sichinkadutsa ku ofesi imene inkaona za chuma cha Azungu.

Popeza agogo anu adachoka m'ma 1950, mufunsenso anzawo amene adabwerako. Ambiri adabwerera kumudzi boma litaletsa Wenela kulemba anthu ntchito kutsatira ngozi ya ndege ya ku Francistown ya pa 4 Epulo 1974, imene idapha Amalawi 74 ochokera ku migodi, ndipo ena mwa iwo akadali moyo. Bambo anu muwakonzekeretse mtima, chifukwa kufufuza kotere nthawi zambiri kumathera pa kupeza abale atsopano olankhula Chishona kapena Chizulu, osati pa manda okha.

FUNSO: Mayi anga adamwalira chaka chatha. Kalata yawo ya ubatizo ikuti adabadwa mu 1941, chitupa cha unzika chikuti 1945, ndipo mbiri imene idawerengedwa pa maliro idati 1938. Tikufuna kumanga chiliza. Tilembe chaka chiti?
Wowerenga wa ku Mulanje

YANKHO: Pepani ndi zovutazo. Pa pepala lililonse mudzifunse kuti lidalembedwa liti, adapereka uthengawo ndani, ndipo ankafuna chiyani. Chitupa cha unzika chidalembedwa mayi anu ali okalamba kale, ndipo chaka chimene chili pamenepo chikhoza kukhala chimene adachitchula pa mzere kapena chimene mlembi adaganiza atawayang'ana nkhope. Mbiri ya pa maliro idalembedwa mwachangu ndi anthu olira, ndipo pa maliro timakonda kuwonjezera zaka za wokalamba pomulemekeza. Kalata ya ubatizo ndi imene ili pafupi ndi nthawi ya kubadwa kwawo, koma mphamvu yake yagona pa msinkhu umene adabatizidwira. Ngati adabatizidwa ali khanda, tsiku la ubatizo likhala la mu 1941 kapena 1942, ndipo pamenepo mulembe 1941 mosakayika. Ngati adabatizidwa atakula, atatha kalasi, ndiye kuti chaka chobadwacho nachonso chidali chongoyerekeza cha mphunzitsi kapena mbusa, ndipo muyenera kuchiyesa ndi zinthu zina. Pitani ku mpingo umene udapereka kalatayo mukaone buku lenilenilo, chifukwa kalata zina ndi zokopera ndipo wokopera amatha kulakwitsa nambala. Muwerengenso kuchokera kwa mwana wawo woyamba: ngati iyeyo adabadwa mu 1958, chaka cha 1945 chikutanthauza kuti mayi anu adabereka ali ndi zaka 13, zimene zikuchititsa kuti 1941 ikhale yomveka kuposa. Achemwali kapena anzawo amene adavinidwa nawo limodzi angakuuzeninso amene adali wamkulu pakati pawo, ndi ngati pa njala ya mu 1949 mayi anu adali mwana wotha kutumidwa kumadzi kapena wongoyamba kumene kuyenda. Mukagwirizana chaka choti chilembedwe pa chiliza, zaka zina ziwirizo musazifufute m'kope la banja. Muzilembe zonse zitatu, chilichonse ndi pepala limene chidachokera, ndipo mapepalawo muwajambule n'kugawira abale angapo kuti asakhale m'nyumba imodzi yokha.